Laputopu yakana kuyaka nditawonjezera RAM, thandizeni abale

Chiko_wa25

Abale muli bwa, ine pano mutu waima. Ndili ndi HP EliteBook 840 G1 ya i5, ndinagula yogwiritsidwa kale chaka chatha, inabwera ndi 4GB yokha nde ukangotsegula Chrome ndi Word nthawi imodzi imayamba kukwawa ngati kamba. Loweruka ndinalowa mtauni kukagula 8GB kuti zonse pamodzi zikhale 12GB, mnyamata wapashopu anangoti "DDR3 ndi DDR3 bwana, ikalowa basi". Kufika kunyumba ndatsegula chivundikiro chapansi chija, ndazula kaye yakale kuti ndiziyerekeze, kukula kofanana, kampata kapakati kaja pamalo amodzi, ndalowetsa zonse ziwiri. Kudina batani fani ikuzungulira bwinobwino koma sikilini ili bii, ngakhale logo ya HP osabwera. Kagetsi ka caps lock kakuphethira katatu, kupuma, katatunso, choncho mpaka nditazimitsa.

Chandiopsa kwambiri nchoti ndachotsa yatsopanoyo nkubwezera yakale yokha koma zili chimodzimodzi. Kodi ndaotcha motherboard? Ndili ndi assignment yopereka Lachitatu ndipo zonse zili momwemo sindinasunge pena paliponse.

Mjomba_Zingwangwa

Mtima m'malo aise, motherboard siipsa chisawawa choncho. Ndiponso RAM sisunga mafayilo, assignment yakoyo ili pa hard drive, ngakhale makinawo atafa lero timangozula drive nkuiwerenga pa kompyuta ina. Kuphethira katatu pa ma HP amenewa ndi makinawo akukuuza kuti memory (RAM) sindikuiona bwino, kutanthauza kuti bodi ili moyo, yakufa siyankhula.

Ine ndikukaikira kuti yakaleyo sunaikhazike bwino pobwezera, anthu ambiri amaopa kukankha poganiza kuti ithyoka. Zula chaja, chotsa batile (pa 840 G1 ili pansi pa chivundikiro chomwecho), dina batani loyatsira osasiya kwa masekondi 30 kuti magetsi otsalira athe. Kenako tenga yakale YOKHA, ilowetse chopendekeka, kankha mpaka timano tagolide tija titabisika pafupifupi tonse, ndiye uziitsitsa pansi mpaka tizitsulo tam'mbali titalira kuti tha. Ngati golide akuonekabe kwambiri ndiye kuti sinalowe ngakhale tizitsulo titagwira. Ikakana yesa slot (polowetsa RAM) inayo. Usayese ziwiri nthawi imodzi sudziwa yolakwa ndi iti.

Mai_Tekinishani

Zomwe anena a Mjombazo chitani kaye, koma achimwene tandiwerengereni zomwe zalembedwa pa sitika ya RAM yatsopanoyo. Yalembedwa PC3 kapena PC3L? Ka L kameneko anthu amakaona ngati kopanda ntchito koma ndi kamene kamandibweretsera makasitomala sabata iliyonse kkkk.

RAM ya DDR3 wamba (PC3) imafuna magetsi a 1.5V, pomwe DDR3L (PC3L) imayenda ndi 1.35V. Purosesa ya mu 840 G1 ndi ya 4th gen, ndipo malaputopu amenewo anawapanga kuti azipereka 1.35V basi. Vuto ndi loti zonse ziwiri zili ndi mapini 204 ndipo kampata kali pamalo amodzi, nde imalowa myaa ngati kwawo, inu nkumati zatheka, koma magetsi omwe ikulandira ndi osaikwanira. DDR4 bola chifukwa ili ndi mapini 260 ndipo kampata kali pena, siingalowe ngakhale mutaikakamiza. Ya L imagwira mbali zonse, mukhoza kuiika mu laputopu yakale ya 1.5V osavuta, koma ya 1.5V kuiika mu makina ofuna 1.35V ndi juga. Pena ena imawayakira mwamwayi nde amabwera nkumatsutsa kuti palibe kusiyana, koma ine ndaona zambiri zongoti bii ngati yanuyi, zina kuyaka lero mawa blue screen.

Mukagula funani yolembedwa PC3L-12800S. 12800 ndiye liwiro la 1600, S yakumapetoyo ndi ya laputopu. Makina anuwo ali ndi ma slot awiri ndipo amafika 16GB, nde 8GB siyawakulira ayi.

Bambo_a_Taku

Ine yanga inachita zomwezi ndinangopukuta timanoto ndi labala wa pensulo yayaka. Yesa man. Komanso uonetsetse kuti Windows yako ndi 64-bit, mlamu wanga anawonjezera mpaka 8GB makina nkumangogwiritsa ntchito 3 ndi kenakake chifukwa anali pa 32-bit, ndalama zinangopita m'madzi mpaka tinachita kuikanso Windows.

Mai_Tekinishani

A Bambo a Taku labala amathandizadi ngati timano tada ndi fumbi kapena zala, makamaka RAM za pamsika zija zimangokhala m'kabati popanda chokutira, koma sangasinthe 1.5V kukhala 1.35V. Ndipo popukuta muzigwira m'mbali osati pa timachipu takudato, mukamaliza sasani zinyenyeswazo zisalowe mu slot. Za 64-bit mwanena zoona koma zimenezo nza makina oyaka kale, awawa sanafike nkomwe pa Windows.

Chiko_wa25

Eeeh abale yayaka!! A Mjomba munalondola, yakale ija ndinangoigoneka osaikankha, golide yense anali panja ndipo tizitsulo tinagwira ndithu nde ine ndimati zili bwino. Ndakankha monga mwanenera, sikilini inakhala yakuda kamphindi mtima uli phaphapha kenako logo ya HP yatulukira. Choyamba ndakopera assignment pa flash ndi pa imelo pomwe, sindifunanso zimenezi.

Mai Tekinishani, sitika yalembedwa 8GB 2Rx8 PC3-12800S, L palibe. Yakale ndaiyang'ana ili ndi PC3L. Ndinayesanso yatsopanoyo payokha nditaikhazika bwinobwino m'ma slot onse awiri, katatu kaja kabwereranso. Ndiye kuti mavuto anali awiri, lina langa lina la kushopu. Lisiti anandipatsa koma analemba "RAM 8GB" basi, kaya akandisinthira kaya.

Mai_Tekinishani

Pitani ndi laputopu yomwe osati RAM yokha, apo bii akakuuzani kuti mwaiotcha nokha. RAM yatsopanoyo akaiyese pa makina awo a 2nd kapena 3rd gen muone ikuyaka, akadziwa kuti katundu wawo ndi wabwino ndipo akhoza kumugulitsa kwa wina, kusinthana sikuvuta pamenepo. Ya PC3L akakupatseniyo muiike pakauntala pomwepo muyatse, muone mu Task Manager ngati ikuwerenga 12GB. Mukafika kunyumba lembani mdsched pa Start muisiye iziyesa memory, kapena pulogalamu ya MemTest86 usiku wonse ngati magetsi alipo, chifukwa RAM yogwiritsidwa kale imatha kuyaka bwino koma ili ndi zilonda mkati.

Mjomba_Zingwangwa

Ndipo upite Lachinayi utapereka kale assignment aise, usaitsegulenso isanafike Lachitatu kkkk