Kodi satelayiti ingandiuze tsiku lodzala chimanga?

Mkulu wa ku Mufakose:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kamunda m'mphepete mwa dambo kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Chaka chatha mvula itagwa kumapeto kwa Okutobala, ndinathamangira kudzala mbewu yomwe ndinagula ku Mbare. Chimanga chinamera bwinobwino, kenaka dzuwa linaswa mtengo masabata atatu, chonse n'kupserera. Malemu bambo anga, a ku Dedza, akanandiseka kuti ndadzalira chizimalupsa. Tsono mdzukulu wanga akuti ku India amaonera pa satelayiti kuti mvula yawo yadzinja, yotchedwa monsoon, yayamba. Nanga ife chikutikanika n'chiyani?

Aphunzitsi a ku Highfield:
Mdzukuluyo sananame, achimwene, koma wanena theka. Ku India mvulayo imayambira ku Kerala, chigawo cha kummwera kwa dzikolo, kawirikawiri cha pa 1 Juni. A zanyengo kumeneko amadikira kuti malo ambiri mwa malo 14 oyezera mvula alandire mamilimita 2.5 masiku awiri otsatizana, amaonanso mphepo yochokera kumadzulo, ndiye n'kufunsa satelayiti. Iyo imayeza kutentha kochokera pamwamba pa mitambo. Mtambo wautali wamvula umakhala wozizira kwambiri kunsonga, choncho kutenthako kukatsika pamwamba pa nyanja, amadziwa kuti mitambo yamvula yafika. Amalengeza kuti yayamba. Sauza mlimi aliyense tsiku lake.

Mayi wa ku Kambuzuma:
Ifenso tili nayo yotiyang'ana, bambo. Ndi Meteosat, ili makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba, ndipo a zanyengo ku Belvedere, mu Harare momwemuno, amaona zithunzi zake. Imaonetsa mitambo ikamatsika kuchokera ku Congo, kudzera ku Zambia. Vuto n'lakuti mvula yathu yoyamba ndi yamabingu, yosankha. Ine zovala zimauma pachingwe, inu kwanuko matope, chonsecho ndi mtunda woyenda wapansi. Satelayiti imaona nsonga ya mtambo, osati nthaka yanu. Ine ndimalowetsa khasu. Chinyezi chikapanda kufika kutalika kwa dzanja, mbewu imakhalabe m'thumba.

Aphunzitsi a ku Highfield:
Mayi anena zoona. Oyeza za ulimi amati nyengo yayamba pakagwa mamilimita 25 m'masiku 10, n'kutsatira ena 20 m'masiku 20 otsatira. Mukuona? Umboni umabwera mochedwa.

Mkulu wa ku Mufakose:
Ndiye kuti mdzukulu aziyang'ana mitambo ya ku Congo pafoni, ine ndizikumba. Chaka chino ndigawa mbewu pawiri, ina idikire Disembala.