Za sukulu ya kwathu: foni ya aphunzitsi kapena bolodi la pamjigo?

Nabanda (Alembi, Area 25): Mwaswera bwanji nonse. Monga tidasiyirana pa msonkhano wa ku Kawale uja, nkhani ya sukulu ya kwathu tiimalizire pano, kuti a ku Joni ndi a kumudzi nawonso alankhulepo. M'thumba la gulu muli K640,000. Dandaulo lomwe lidabwera ndi lakuti makolo sadziwa zomwe ana akuphunzira, amangodzidzimuka tsiku lotsekera teremu akumva kuti mwana walephera. Ndawalowetsanso m'gulu muno Madamu amene amaphunzitsa sitandade 2, a hedi avomereza. Chonde tilankhule mwaulemu.

Bambo a Takondwa (Johannesburg): Zikomo alembi. Ine maganizo anga sanasinthe. Tigule mafoni awiri, imodzi ya makalasi aang'ono, ina ya makalasi aakulu, tiziikamo bando mwezi ndi mwezi. Kalasi iliyonse ikhale ndi gulu la WhatsApp. Kuno mwana wanga akangojomba, ndisanafike ndi kuntchito komwe uthenga walowa kale. Homuweki ndimaiona pafoni. Bwanji kwathu?

Gift (Mitundu): Achimwene, kumudzi kuja netiweki timaipezera pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Tsono makolo onse azikafola pa chulu m'mawa uliwonse?

Bambo a Takondwa: Iwe Gift usamaseke zinthu za nzeru. Ndalama ndikatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba bwanji zimafika? Pamenepo netiweki imapezeka?

Gift: Ndalama zimafika ngakhale pa kafoni ka mabatani, achimwene. WhatsApp ndi nkhani ina.

aMbewe (Msungichuma, Biwi): Ine ndingofunsa za thumba. Foni tigula kamodzi, koma bando ndi ya mwezi uliwonse mpaka kalekale. Gulu lomwe lino, anthu ena sanasonkhe kuyambira Epulo. Sindikutchula maina. Komanso foniyo azikaitchajira kuti? Pasukulu palibe magetsi, ndiye kuti sola ndi batire zilowenso mu bajeti. Ndipo ikatayika mlandu ukhala wa ndani?

Mayi Nachisale (Likuni): Ana anga, ndiloleni ndilankhule motalikirapo, ndagwira choko zaka zambiri ndisanapume.

Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ine ndinali m'kalasi. Chiwerengero cha ana a sukulu chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'dziko muno, chaka chimodzi chokha. Zinali zabwino, ana a anthu osauka adalowa sukulu. Koma walira mvula walira matope. Kale ndinkadziwa mwana aliyense ndi kwawo komwe, ndikakumana ndi mayi ake ku chigayo ndinkangowauza kuti mwana wanu samatha kuchotsera. Kuchokera chaka chimenecho ndinkalowa m'kalasi n'kuona mitu yokhayokha mpaka pakhomo, ena pawindo. Maina ndinkawadziwa teremu yachiwiri.

Chachiwiri ndi ichi, ndipo ndi chomwe ndikufuna mumve. Kuyambira nthawi imeneyo, kalata yochokera kusukulu idasanduka kalata ya ngongole. Mwana akabwera ndi kapepala, kholo limadziwiratu: ndalama ya chitukuko, ndalama ya mlonda, ndalama yosindikizira mayeso, bwerani mudzaumbe njerwa, tutani mchenga. Kapena mwana wamenya mnzake. Ndi liti pomwe kholo la kwathu lidalandirapo uthenga wakuti sabata ino tikuphunzira zakuti, mufunseni mwana akuwerengereni? Palibe. N'chifukwa chake msonkhano wa PTA anthu amauthawa ngati msonkho. Mukagula foni koma uthenga n'kukhala womwewo wa ndalama, anthu azingotuluka m'gulumo mmodzimmodzi.

aPhiri (Tcheya, Kawale): Amayi mwalasa. Ine ndemwe ndili mwana, kapepala ka kusukulu ndinkakabisa kudenga kuopa kukalipidwa.

Bambo a Takondwa: Amayi ndamva, ndipo sindikutsutsa. Koma zomwe mukunenazo ndi za uthenga, osati za njira yotumizira. Uthenga wabwino womwewo ungathe kudutsa pafoni.

Madamu (Sitandade 2): Zikomo pondilandira. Ndimaopa kulankhula pakati pa akuluakulu koma ndinene zomwe ndimaona. M'kaundula wanga muli ana 134. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma ife tidazolowera. Pa ana amenewa, ambiri sakhala ndi makolo awo owabereka. Makolo ali m'tauni, ena ku Joni, ena kumaesiteti. Ana ali ndi agogo. Ndiye gulu la WhatsApp lingathandize inu amene muli kutali kudziwa, zoona, koma amene amamuona mwanayo madzulo ndi agogo, ndipo agogowo alibe foni yotero. Ena kuwerenga komwe sadziwa.

Wina pa msonkhano akuti adanenapo za kope la uthenga, loti ndizilembamo mwana aliyense. Pepani, sindingathe. Kuchonga kokha makope 134 kumanditengera nthawi yopuma yonse. Ndikati ndizilembanso ndemanga, ndiye kuti kuphunzitsa ndasiya.

Nabanda: Za kopezo ndinanena ndine Madamu, ndabweza mawu.

Madamu: Palinso china chomwe makolo sadauzidwe bwino. Kuyambira 2016 pomwe idayamba ndondomeko ya kuwerenga ija ya National Reading Programme, ana a makalasi oyambirira timawaphunzitsa maliwu a malembo kaye, kenako maphatikizo, kenako mawu. Mwana akafika kunyumba akuti "mmm", "sss", agogo amamudzudzula kuti sukulu yake iti imeneyo, nena "emu", nena "esi". Mawa mwana amabwera atasokonezeka. Agogowo sakulakwa, adaphunzira choncho, ndipo palibe adawafotokozera. Mphindi khumi zokha zowaonetsa zikadatha nkhani imeneyi.

Mayi Nachisale: Mwamvatu. Ndi zimenezo.

Gift: Agogo anga adamukwapula Yamikani chifukwa cha "sss" yemweyo, ankati akuitana njoka m'nyumba.

aMbewe: Gift ndiwe wovuta.

Nankhoma (kumudzi): Moni nonse, ndikulemba pa foni ya mphwanga, ine ndi wa mother group. Ife timayenda khomo ndi khomo kulondola ana ojomba, makamaka atsikana. Nthawi ya fodya ndi tsiku la msika ana amachepa kwambiri, ena ali kosoka fodya, ena akugulitsa mandasi. Tikafika pakhomo kholo limati, kodi lero kusukulu kuli chiyani chofunika, si mayeso ayi. Kwa iwo tsiku lofunika ndi la mayeso basi. Akadadziwa kuti sabata imeneyo ndi yomwe anzake akuphunzira kuchulukitsa ndipo sadzabwerezanso, mwina akadamulola apite. Ife tikamayenda tilibe choti tiwauze kupatula kuti a mfumu akulipiritsani nkhuku. Tipatseni mawu oti tizinyamula.

aPhiri: Anankhoma, mwalankhula ngati munali m'mutu mwanga. Ndiye ndiike ganizo langa. Mabolodi atatu: limodzi pamjigo wa pakati, lina pachigayo, lina pageti la sukulu. Lachisanu lililonse mphunzitsi aliyense wa sitandade 1 mpaka 4 alembe mizere iwiri yokha, m'Chichewa, zomwe aphunzitse sabata yamawa ndi chinthu chimodzi choti kholo limufunse mwana. Za ndalama zisalembedwepo ngakhale tsiku limodzi. Amayi a mother group azitenga mawu omwewo poyenda, ndipo tipemphe matchalitchi aziwerenga pa zolengeza, ku mvano ndi ku miphakati komwe.

Bambo a Takondwa: A tcheya, mwaulemu ndithu, tikubwerera m'mbuyo. Dziko likupita kutsogolo ife tikugula choko? Mvula ikagwa bolodi lafufutika. Ana a sitandade 7 adzajambulapo zolaula, mukudziwa inunso. Ndipo kumbukirani 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid, ana a anthu okhala ndi mafoni ankalandira ntchito, athu ankangosaka mbewa. Mu Januwale 2023 kolera itachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi Blantyre, anthu adamvera pa wailesi ndi pafoni, osati pamjigo.

Mayi Nachisale: Mwana wanga, zotseka sukulu zimamveka zokha, ngakhale wogontha amamva. Zomwe sizimveka ndi zazing'onozing'ono za sabata ndi sabata. Koma pa za mvula ndi ana ojambula zolaula wanena zoona, bolodi likufunika kadenga ka malata ndi munthu woliyang'anira.

Bambo a Takondwa: Nanga ife amene tili kunja, amene timasonkha kwambiri m'gulu muno, tipindula chiyani? Mwana wa mchemwali wanga ndimamulipirira ndine zonse. Ndilibe ufulu wodziwa?

aMbewe: Mawu akuti "timasonkha kwambiri" achotsedwe a tcheya. Buku lili ndi ine.

aPhiri: Alamu, bwezani mawuwo, tisayambane pa zazing'ono. Koma funso lanu ndi loona.

Bambo a Takondwa: Ndabweza. Pepani a Mbewe.

Gift: Nkhani yaing'ono iyi. Ine ndimadutsa pamjigo paja ndi njinga tsiku lililonse. Lachisanu ndizijambula bolodi n'kuponya m'gulu muno. A ku Joni mwaona, a ku Area 25 mwaona. Mukatero muziimba pa kafoni ka agogo Lamlungu, mwanayo akuwerengereni. Bando yanga muzindiganizirako basi.

Nabanda: Koma Gift lero walankhula zanzeru, kugwa mvula.

Madamu: Zimenezo zingatheke. Mizere iwiri pa sabata ndingalembe, ndipo anzanga atatu aja ndikhulupirira savuta. Koma ndipemphe ziwiri. Choyamba, musatidumphire a hedi ndi komiti ya sukulu. Nkhaniyi ipite kwa iwo mwa dongosolo, iwo akawadziwitse a PEA, alangizi a maphunziro a m'dera lathu, ku ofesi yawo ya TDC, kuti mawa lisadzaoneke ngati gulu la m'tauni likulamula aphunzitsi. Chachiwiri, pabolodi pasalembedwe dzina la mwana. Za kuti uje sakutha kuwerenga ndi za ine ndi kholo lake, osati za pamjigo.

Mayi Nachisale: Pamenepo ndiye ndikuwonjezera. Mwambo uja woitana ana potsekera teremu, kuyambira nambala wani mpaka womaliza pamaso pa mudzi wonse, ine ndidauchita zaka zambiri ndipo lero ndimadandaula nawo. Ana ena sadabwererenso teremu yotsatira chifukwa cha manyazi. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

aPhiri: Imeneyo amayi tikaiyamba lero tigona pano. Ine nambala wani ndidakhalapo kamodzi ndipo mpaka lero ndimakumbukira nthungululu za mayi anga.

Nankhoma: Ine ndili ndi nkhawa imodzi. Amene sadziwa kuwerenga, bolodi liwathandiza bwanji? Pamjigo pamabwera amayi ndi ana, abambo sabwera. Pachigayo chimodzimodzi. Abambo ali pa bawo.

Gift: Ndiye lachitatulo lichoke pageti lipite pa bawo.

Nankhoma: Ukuseka koma ndi zoona. Pageti la sukulu pamadutsa ana okhaokha, amene akudziwa kale.

Madamu: Kwa osadziwa kuwerenga, mwana yemweyo awawerengere, kumeneko ndiye kuphunzira kwake. Komanso kamodzi pa teremu tingachite tsiku loti makolo adzakhale m'kalasi ola limodzi, aone mmene timaphunzitsira maliwu aja. Osati msonkhano, osati zokambirana za njerwa. Angokhala kumbuyo n'kumaonerera. Koma poyamba sadzabwera, adzaganiza kuti ndi msampha wa ndalama.

Mayi Nachisale: Akalengeze a mfumu ndi pakamwa pawo kuti tsiku limenelo palibe chosonkha, ndipo aliyense wotchula ndalama alipa mbuzi. Adzabwera.

Bambo a Takondwa: Chabwino, ndagonja theka. Koma ndipemphe chimodzi chilembedwe: tiyese mabolodi teremu imodzi. Ikatha, Madamu ndi Anankhoma atiuze ngati kujomba kwachepa ndiponso ngati makolo abwera. Zikakanika, nkhani ya foni ibwerere patebulo, ndipo foni yoyamba ndigula ndekha. Komanso sitandade 5 musaiiwale. Pamene maphunziro amasinthira ku Chingerezi ndi pomwe ana ambiri amatayikira, kholo osadziwa kanthu mpaka mayeso a MANEB a sitandade 8.

Madamu: Pa sitandade 5 mwanena zoona bambo. Ndikawafunsa aphunzitsi ake.

Nabanda: Ndalemba motere: mabolodi atatu okhala ndi kadenga, pamjigo, pachigayo, lachitatu malo ake sitinagwirizane. Makalasi 1 mpaka 4, mwina 5. A tcheya ndi Mayi Nachisale akaonane ndi a hedi, komiti ndi a mfumu tisanagule kanthu. Amene akutsutsa anene pofika Lachitatu madzulo.

aMbewe: Ndisanatulutse ndalama ndikufuna makoteshoni awiri a matabwa, malata ndi penti. Awiri, osati limodzi la mlamu wake wa munthu. Ndipo bando ya Gift tiikambirane, isakhale yoonera mpira.

Gift: A Mbewe, mpira ndimaonera kwa eni ake a shopu, ulere.

aPhiri: Amayi Nachisale, Loweruka muli bwanji? Tinyamukire limodzi m'mawa, minibasi za ku Mitundu tikakwerere mu depoti.

Mayi Nachisale: Loweruka lino ndili ndi chinkhoswe cha mdzukulu ku Chinsapo. Linalo. Ndipo Anankhoma, muwauziretu a mfumu kuti tikubwera opanda envulopu, asaphe nkhuku.