Alamu anga akufuna kukamanga fakitale ku Chipata m'malo mwa kuno ku Lilongwe, ndiwauze chiyani?

Wamabuloko25

Moni nonse. Ine ndimaumba mabuloko a simenti ku Area 25, ndiye nkhani za mabizinesi akuluakulu si zanga, koma iyi yandifika pakhomo.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, akhala nthawi yaitali ku Johannesburg akukonza makina m'mafakitale. Asonkhanitsa kangachepe, ndipo pali mnzawo wa komweko amene akufuna kuponyapo zake. Cholinga chawo n'chotsegula fakitale yaing'ono yoyenga mafuta ophikira a soya ndi mpendadzuwa, zotsalira zake n'kumagulitsa kwa oweta nkhuku ndi nkhumba. Anabwera kudzaona malo, koma pobwerera anali akukamba za Chipata kapena Lusaka. Zinandiwawa.

Ndinayesa kuwanyengerera. Ndinati soya wa ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Mitundu amathera kuno. Ndinati kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda uno, ndipo lero tapitirira miliyoni, onsewo amafuna mafuta a m'ndiwo. Bwalo la ndege lili pa Lumbadzi pomwepa, njanji imafika ku Kanengo ndipo imalumikizana ndi ya ku Nacala. Iwo ankangogwedeza mutu.

Chinawafooketsa ndi puloti. Tinapita kukaona malo ena kunja pang'ono kwa tauni. Wogulitsa anabwera ndi envulopu yakhaki, mapepala odinda bwinobwino, natisonyeza mabikoni anayi. Tili chiimire, panatulukira bambo wina pa njinga yamoto, nayenso ndi envulopu yake, akuti malowo anagula kale ndipo mabikoniwo anazika ndi iye. Anayamba kulozana zala pamaso pathu. Alamu anangotsegula chitseko cha galimoto n'kunena kuti, “Alamu, tiyeni, ndalama za mnzangayo sindingazikwirire pano.”

Ndiye ndifunse inu odziwa: munthu wa ndalama zake amakopeka ndi chiyani kuti amange mumzinda? Misewu ija yakula, pa Area 18 pali mlatho wodutsana pamwamba, msewu wa Kenyatta watambasuka. Chatsala n'chiyani?

Nachisale47

Achimwene, ine ndimasunga mabuku a kampani ina yoitanitsa katundu kunja, ndiye ndiyankha mbali ya ndalama. Za puloti ayankhe ena.

Mnzawo wa ku Joni uja funso lake loyamba si msewu. Akufuna kudziwa kuti akalowetsa ma rand ake, phindu adzalitulutsa bwanji. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anasunga phindu lake m'makwacha anagona ali wolemera n'kudzuka atachepa. Ndiye pali kudikira ndalama zakunja kubanki. Makina oyengera mafuta amafuna zipangizo zosinthira, ndipo kachitsulo kamodzi kakathyoka fakitale yonse imaima, antchito n'kumawotha dzuwa uku inu mukuyendera fomu.

Komabe musataye mtima msanga. Bizinesi ya alamu anuyo ndi yamtundu umene dziko lino likuusowa, chifukwa soya sagulidwa ndi madola, amagulidwa ndi makwacha pa Mitundu, pamene mafuta ambiri amene timaphikira amayengedwa kuchokera ku mafuta osayenga oitanitsa kunja. Zotsalira za soya zija zilinso ndi msika m'maiko oyandikana nafe, ndiye fakitale ikhoza kumadzipezera yokha madola ena. Angodziwiratu kuti malamulo osinthitsa gawo la ndalama zogulitsira kunja amasinthasintha, afunse za lero asanawerengere phindu.

Apite ku Malawi Investment and Trade Centre ku City Centre. Anaikhazikitsira zomwezo, kuti wobwera ndi ndalama asazungulire maofesi khumi. Asayambire kwa madobadoba a m'misewu.

Mkulu_wa_ku12

Mwana wanga Wamabuloko, nkhani ya maenvulopu awiriyo yandiseketsa, komanso yandimvetsa chisoni. Ine ndinagwira ntchito yoyeza malo mpaka kupuma, ndiye ndilole ndichedwepo pang'ono.

Mzinda uno sunakule mwangozi. Boma litaganiza zochotsa likulu ku Zomba, linakhazikitsa Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo likulu linasamukira kuno mu 1975. Ntchito ya bungwe limenelo sinali yomanga Capital Hill yokha. Linkayeza malo, kulambula msewu, kukokera madzi ndi magetsi, kenaka n'kuitana munthu kuti bwera udzamange apa. Kanengo anabadwa choncho. Wamafakitale ankapeza puloti ili ndi nambala, msewu uli pakhomo, njanji ili kuseri. N'chifukwa chake okushoni ya fodya ndi makampani okonza fodya anakhazikika kumeneko. Mwini malo anali mmodzi, ndipo ukafuna yankho unkadziwa chitseko chogogoda.

Bungwelo litathetsedwa m'zaka za m'ma 1980, malo a mumzinda anagawika. Ena ali m'manja mwa unduna wa za malo, ena khonsolo, ena Malawi Housing Corporation, ena kufupi ndi bwalo la ndege ali ndi eni akenso. Kunja kwa malire kuli mafumu, ndipo mzinda wadutsa kale malirewo. Lero zinthu zimayenda chobwerera: munthu amayamba wamanga, msewu n'kumabwera pambuyo ukukhotakhota kuzemba mipanda. Pita ku Area 49 kapena uko ku Njewa nthawi ya dzinja ukaone nyumba za mamiliyoni zofikirika ndi matope okhaokha.

Kwa ine yankho la funso lako ndi limeneli. Wandalama sakopeka ndi msonkhano wa ku holo yaikulu ya BICC kapena chikwangwani cha pa rawundabauti. Mumpatse hekitala imodzi yopanda mkangano, ya lizi yolembedwa m'kaundula, thiransifoma ili pafupi, paipi ya madzi yafika, ndi pulani yovomerezedwa pa nthawi yodziwika. Akapeza zimenezo amaitana anzake yekha. Za malo a mafakitale ku Magwero, njira ya ku eyapoti, ganizo lake ndi lomwelo, ndipo ngati zingayende ndiye kubwerera ku nzeru zakale.

Magetsi ndi madzi usawaiwale. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022 dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo iwe wa makina oumbira ukukumbukira mmene zinalili. Zimene zimathandizako ndi sola ya ku Salima ya mamegawati 60 ndi chingwe chachikulu chochokera ku Phombeya kufika ku Nkhoma, koma wafakitale aliyense amawerengerabe jenereta ndi dizilo. Madzi nawo timadalira madamu awiri a ku Malingunde, pa mtsinje wochokera ku Dzalanyama kumene makala akutha mitengo. Za paipi yochokera kunyanja ku Salima tinayamba kuzimva kalekale.

Alamu akowo ngati ndi Mmalawi, malo alembetse m'dzina lawo kapena la kampani imene ali ndi gawo. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa zinthu kwa anthu akunja. Ndipo asapereke ngakhale tambala asanakafufuze ku kaundula wa malo.

MwanaWaMtandire

Akuluakulu, mwalankhula zomveka, koma ine ndifunse mopanda ulemu pang'ono: tikukopa ndani, kuti apindule ndani?

Ine ndimakhala ku Mtandire. Ndikaima pakhomo ndimaona mipanda ya ku 47, ndikayenda pang'ono ndafika pa Gateway Mall. Mashopu ndi okongola, inde, koma yang'anani pa shelefu muwerenge zopangidwa kuno. Ntchito zimene timapezamo ife ndi za ulonda ndi kukolopa. Walira mvula walira matope: “chitukuko” chikayandikira, lendi imakwera, agogo a m'midzi yozungulira amagulitsa munda pa mtengo wa njinga yamoto, chaka chamawa ali pa ganyu pamunda wawo womwe.

Pamene akalipentala a ku Mchesi akhala akupanga mipando panja, pafumbi, zaka zonsezi. Owotcherera a ku Biwi ndi ku Kawale chimodzimodzi. Amenewo si oika ndalama mumzinda? Atapatsidwa shedi, magetsi amphamvu ndi chimbudzi, angalembe anyamata angati? Koma tikamva “investor” timaganiza za munthu wotsika ndege atavala suti.

Fakitale ya alamu anuyo ndilibe nayo vuto, bola igule soya kwa alimi pa mtengo wabwino, osati kudzera mwa mavenda a masikelo obera.

Wamabuloko25

Zikomo nonse. Bambo a ku 12, ndawatumizira alamu zonse mwalembazi pa WhatsApp, ayankha kuti za kaundula akanazidziwa akanayambira kumeneko. Achemwali a Nachisale, ku City Centre ndipitako ndekha ndikatenge mapepala.

Iwe wa ku Mtandire, ndikugwirizana nawe theka. Za ku Mchesi wanena zoona, inenso ndili m'gulu lomwelo, palibe anandiitanirapo ku hotela kuti ndine woika ndalama. Koma ma mall usawanyoze kwambiri. Chilamulireni boma mu 2018 kuti zomanga zikuluzikulu zisamagwiritse njerwa zootcha, ife a mabuloko tikudya chifukwa cha omanga akuluakulu omwewo. Nyumba yosanja imodzi ikamamangidwa, anyamata anga amagwira ntchito miyezi, wamchenga amadya, mayi wogulitsa nsima pageti amadya. Vuto langa ndi simenti, mtengo wake sugona pamodzi, ndipo ukapereka mtengo wa mabuloko lero, pofika tsiku lopereka katundu walowa m'thumba mwako.

Funso lina kwa bambo a ku 12: ku Kanengo kukadali mapuloti opanda kanthu, ena ndimawaona ali ndi mpanda wokha, udzu mpaka m'khosi. Eni ake ndani, ndipo palibe lamulo lowalanda?

Mkulu_wa_ku12

Lamulo lilipo. Lizi imakhala ndi nthawi yoti umange, ukalephera mwini malo ali ndi mphamvu yolanda. Kulanda kwake ndiye kumafuna munthu wolimba mtima, chifukwa osunga mapuloti otere si anthu wamba, ndipo nkhani zake zimakathera kukhoti.

Alamu akowo asadikire zimenezo. Ku Kanengo ndi ku Njewa kuli mashedi ochititsa lendi, ena magetsi amphamvu alimo kale. Ayambe ndi lendi, makina azungulire, aone ngati soya akupezeka chaka chonse. Puloti adzaifunafuna ali kale m'tauni muno, akudziwa woyenera kumufunsa. Asanasaine, akaone bilu ya magetsi ya shediyo ngati ilibe ngongole ya amene analimo kale.