Kukweza Forester ya turbo kuchoka pa 2.0 kufika 2.5: imayenda bwanji?

Akuluakulu pa gulu pano, makamaka eni ma Subaru ndi amakaniko, ndigawireniko nzeru.

Ndili ndi Forester SG5 ya manyuwo, injini yake EJ205, ija ya malita 2.0 ya turbo. Yayamba kumwa oyilo ndi kufuka utsi kumbuyo. Amakaniko anga akuti m'malo moikonza mmene ililimu, tigule block (thunthu la injini) ya EJ257 ya 2.5 n'kumangapo ma head (mbali ya pamwamba ya injini) omwe alipowa. Akuti bore (kukula kwa bowo la silinda) imachoka pa 92mm kufika 99.5mm, stroke (mtunda umene piston imayenda) pa 75mm kufika 79mm.

Inetu za liwiro sizindikhudza. Chimandiwawa n'chakuti ndikakhala kumbuyo kwa thiraki pa chikweza cha Chiweta, mpata wopitirira wapezeka, ndaponda moto, galimoto imayamba yaganiza kaye. Turbo ikamadzuka n'kundikankhira kumpando, khona yafika kale, ana ali kumbuyoko. Kodi 2.5 imathetsadi kuchedwa kumeneku? Nanga mafuta idzamwa motani, mmene petulo akuvutiramu? Ndikufuna kumva kwa amene anaiyendetsapo, osati zongomva.

Mayankho

— Achimwene, kusiyana mudzakumva pongonyamuka. Injini yaikulu imatulutsa utsi wambiri ngakhale ma rev ali pansi, ndiye turbo imayamba kuzungulira msanga. Imakoka giya yachitatu pamene kale mumatsitsa yachiwiri, ndipo mphamvu imabwera pang'onopang'ono, osati modzidzimutsa muja. Koma ka turbo ka TD04 kali mmenemoko n'kakang'ono. Ma rev akakwera kwambiri kamaperewera mpweya, galimoto n'kumangolira osawonjezera kanthu. Paulendo wa banja zimenezo sizidzakusowetsani mtendere. Mafuta okha yembekezani kuti ikwerako, makamaka mtauni.

— Bwana, musalole kuti angomanga n'kuliza. Ma head a EJ205 anawapangira bore yaing'ono, mukawaika pa block ya 2.5 osawasema, compression (kupanikizika kwa mpweya mu silinda) imakwera, injini n'kuyamba kugogoda mukaponda moto. Ma piston a EJ257 sachedwa kusweka m'mizere ya ma ring akamagogodedwa choncho. ECU, kompyuta ya injini, nayonso ikudziwa 2.0 basi, ikufunika munthu woitchuna. Afunseni kaye amakanikowo kuti adzatchune ndani, asanamasule bawuti ngakhale imodzi. Clutch muiwerengere pa bajeti, yakaleyo idzayamba kuterereka.

— Zikomo nonse. Za kutchunazi sanandiuzeko. Alipo amene akudziwa wotchuna ECU ya Subaru ku Lilongwe kapena ku Blantyre? Komanso nambala ya injini ikasintha, pa blue book zimayenda bwanji?