Kodi "wamkota" pa mwambi uja wa "galu wamkota sakandira pachabe" n'chiyani kwenikweni?

MwanaWaChikanda: Abale, ndithandizeni. Ndikuphunzira ziyankhulo pa yunivesite ku Chirunga, ku Zomba, ndipo Loweruka lililonse ndimakwera kabaza kupita ku Jali kukajambula pafoni mawu a Chilomwe kwa okalamba omwe akuchiyankhulabe. Kunyumba akuti maphunziro otere sadyetsa munthu. Ine poyankha ndinati "galu wamkota sakandira pachabe." Amalume anangopukusa mutu, amvekere: "Iwe si mkota, usamatchule zomwe sukuzidziwa." Ndiye ndalakwitsa pati?

Nachisale_Domasi: Mwandikumbutsa anganga. Ankanena mwambiwu akamasefa chidulo cha thelere, ife tikuwaseka kuti soda alipo ku golosale. Ankaika phulusa m'kambale koboola pansi, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono. Anapita, ndipo palibe mwa ife amene angatchule phulusa lake linali la mtengo uti. Wamkota ndi wamkulu, basi.

MbusaWakale: Ayi achemwali. Ndaweta mbuzi ku Thondwe ubwana wanga wonse. Mkota ndi yaikazi yobereka kale. Yosabereka ndi msoti, yamphongo ndi tonde. Galuyo akukanda chifukwa ali ndi ana oti adye.

Nachisale_Domasi: Koma achimwene, anganga ankanenanso mwambiwu pa agogo aamuna.

MbusaWakale: Kunenera munthu wamwamuna sikusintha liwu. Galu wokalamba mano atha, angakande chiyani? Mkota ndi wobereka.

AphunzitsiOpuma: Kale nkhani ngati iyi inkathera pa wailesi, pa Tiphunzitsane Chichewa. Bungwe la Chichewa Board lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 linatha, ntchito inapita ku Centre for Language Studies konkuno ku Zomba mu 1996. Mwanawe, pita ukawafunse. Ndipo usasiye za ku Jali. Nkhalamba imodzi ikamwalira, mayina a mitengo ndi nyimbo za pamtondo zimalowa nayo m'manda, ndipo zimandiwawa.

MbusaWakale: Akafunse ndithu, koma afunsenso amene anatsekulapo khola m'mamawa.

MayiAwiri_Matawale: Vuto ndi ana a masiku ano. Wanga ndinamutuma chipande, anabwera ndi supuni. Ukati "zikomo" akuti "bho." Adziwa bwanji mkota?

Nachisale_Domasi: Ngakhale mtondo ena sanaugwirepo, zonse n'kuchigayo.

MwanaWaChikanda: Ndiye amalume amatanthauza kuti ndine mwana, kapena kuti sindinabereke?

MbusaWakale: Kuti simunabereke. Loweruka mukafika ku Jali, pemphani akuonetseni mbuzi yamkota m'khola, mudzandiuze.