Za zipolopolo za .32 ndinafunsa zija

Abale, ndabweranso pa funso langa lija: kamfuti kanga ka .32 ACP, kokhala ndi chiphaso, ndikagulire zipolopolo zobooka kunsonga kapena zokutidwa ndi mkuwa? Ndasankha zokutidwazo, za FMJ. Chipolopolo cha .32 ACP, chomwe chimatchedwanso 7.65 mm, mphamvu yake ndi yochepa. Chobooka chija chikatambasuka chimaima msanga, nthawi zambiri osafika masentimita 30 amene bungwe lofufuza milandu ku America la FBI limafuna poyesa kulowa kwa chipolopolo. Mwinanso sichitambasuka n'komwe, ndipo mu mfuti zakale chimatha kukakamira polowa.

Amene munati nditsikire ku .22, pepani, ndakana. Zipolopolo za .22, zotchedwa rimfire, zimakanika kulira kawirikawiri kuposa za .32, ndipo ine ndikuteteza banja.

Kuno ku Mchinji, wina akakunong'onezani zipolopolo zodzera kumalire, chonde musagule. Popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu, komanso simudziwa zinasungidwa bwanji.