Ndagula DragStar 400, ndiyambire pati kuyikongoletsa?

Mthuthuthu_A25:
Akuluakulu muli bho? Njinga yamoto ndinkakuuzani ija yafika tsopano, Yamaha DragStar 400 ya ku Japan, yadzera pa Dar mpaka Songwe ndipo mapepala onse ndathana nawo sabata yatha. Yakuda bii, makilomita 31,000, ndi zakale zija za kabuleta. Loweruka ndinapita nayo ku Senga Bay ndi mayi akunyumba, eee njinga imakoma iyi, pansewu wa Salima imangoti phee ngati wakhala pa sofa, koma vuto ndi loti ilibe mawu, ukaima pa maloboti anyamata a kabaza a ma Lifo akumveka kuposa ine. Ndiye ndikuganiza zodulitsa ekizozi kwa owotcherera, ndiike mahandulo aatali aja manja amakhala m'mwamba aja, komanso ndiitsitseko kumbuyo kuti izioneka ngati za pa YouTube. Ndalama yatsala pang'ono, sindingapange zonse kamodzi. Ndiyambe chiti? Komanso mayi akudandaula kuti kampando kakumbuyo ndi kochepa, tinafika ku Salima asakundiyankhula.

MadalaWaBiwi:
Mwana wanga zabwino zonse, wagula chinthu cholimba. Koma pa zitatu watchulazo palibe chomwe ndingakulole kuyamba nacho, ndipo chotsitsacho chiiwaliretu. Njinga imeneyi inabadwa kale yotsika, pansi pake ndi masentimita ngati 14 basi, kuonjezera apo ndi yaitali ndiye pa mahampu timapanga kunoku mimba imakhula. Mukakwera awiri ndiye usanene. Uitsitsenso kuti uzidutsa pati? Za pa YouTube zija amayenda m'misewu yopanda maenje.

Ekizozi imeneyo. Ukaidula kapena kuchotsa zam'kati mpweya umatuluka mophweka, injini imayamba kukoka mpweya wambiri koma petulo ali yemweyo, ndiye imatentha kwambiri ndipo ukamasiya moto izingoti phwa phwa ngati mbuliwuli. DragStar ilibe ladiyeta, imaziziritsidwa ndi mphepo, tsono taganiza mwezi wa Okutobala uli pa mzere wa magalimoto ku Old Town, silinda yakumbuyo yomwe mphepo siyifikako bwino ija ikupsa. Ukafuna phokoso ndiye usinthenso majeti, timabowo todutsa petulo, m'makabuleta onse awiri ndipo apange munthu wodziwa kuwalinganiza. Chaka chatha anandibweretsera ina yoti anaidula ndi chopukusira, mapulagi nditawatulutsa anali oyera mbuu ngati choko chifukwa cha kutenthako, mwini wake akulumbira kuti amuthira petulo woipa.

Yamba wawerenga matayala. M'mbali muli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa. Za ku Japan zimabwera mapanga ali bwinobwino koma labala itauma gwa chifukwa yakhala zaka osayenda. Lakumbuyo ndi 170/80-15, kuno sulipeza chisawawa, itanitsiratu. Komanso mawilo ako ndi a masipoko, muli machubu, ikaphwa ku Mvera palibe zobaya kachingwe ngati tayala la galimoto, mpaka wilo lichoke.

Nangozo_BT:
Kkkkk ine ndaseka za mayiwo. Achimwene gulani chotsamira kumbuyo kaye musanathetse banja. Ife timayenda ndi abambo akwathu pa Honda Shadow, tisanaike chotsamira ndinkafika ku Zomba msana ukuwawa manja atachita dzanzi chifukwa chowakakamira. Mpando tinapita nawo kwa okonza masofa, anaonjezera siponji yolimba nkukuta ndi chikopa chabwino, mtengo wake sunadule nkomwe. Auzeni aike pulasitiki pansi pa chikopacho apo ayi mvula ikagwa siponji imamwa madzi mumakhala ngati mwadzikodzera. Ndipo mayiwo muwagulire helemeti yeniyeni, osati timbale ta kabaza tija.

Wakujoni:
Aise ine ndiye nditsutsanako pang'ono ndi madala. Njinga ngati iyi sitigulira kuthamanga kapena kusunga petulo, timagulira mtima, ndiye ngati mtima ukufuna mawu ipatse mawu. Bola osadula, gula ekizozi yopangidwira njinga yomweyo, imamanga pa mabauti omwewo, yakaleyo usunge tsiku lina udzafuna kugulitsa. Ndinali nayo ya 650 kuno ku Johannesburg, ndi mapasa ndi yakoyo, zambiri monga zikwama za m'mbali ndi zitsulo zotchingira injini zimagwirizana, komabe funsa chaka chake usanatumize ndalama. Zitsulozo ndiye usachedwe nazo, njinga yopitirira makilogalamu 200 ikayamba kupendekeka pa mchenga suyigwira, umangoisiya igone, ndiye bola igonere chitsulo kusiyana ndi thanki.

Mahandulo aataliwo amaoneka bwino pa chithunzi koma anthu sakuuza kuti zingwe zonse zimafupika, ya kilatchi, za moto, paipi ya buleki yakutsogolo, mawaya a masiwichi, zonse kugula zina. Ndipo manja akapitirira mapewa ukayenda ola limodzi zala zimafa. Ndinaika, patatha miyezi itatu ndinachotsa ndekha usiku anzanga asaone kkkk.

MadalaWaBiwi:
Wakujoni sitikutsutsana, wanena zomwezo mwaulemu chabe. Ndinaiwala china, njinga iyi ilibe tcheni imayendera shafuti, chitsulo chozunguza wilo lakumbuyo, anthu amangoti aa ndiye palibe chosamala, ayi, kumbuyoko kuli kabokosi ka oyilo wa giya, mukhuthule uone mtundu wake. Komanso petulo wathu amasakaniza ndi ethanol, ukaiimika mwezi wathunthu amauma m'makabuleta nkutseka majeti ang'onoang'ono aja. Tseka kampopi ka petulo ukamaisunga, ndipo uziilizako sabata iliyonse. Laisensi yako ndi ya A kapena A1? A1 imathera pa 125cc, apolisi apamsewu akakuimika 400 sangaisokoneze ndi Lifo.

Mthuthuthu_A25:
Madala mwandigwira. Ndatuluka ndi tochi pompano, lakumbuyo lalembedwa 1413, kutanthauza 2013 eti? Ndiye Loweruka ndimathamanga 100 ndi mayi a ana anga pa tayala limeneli, thupi lachita tsemwe. Laisensi ili bho ndi A. Basi ndalama ipite ku matayala ndi machubu, chotsamira ndi mpando mwezi wamawa, Nangozo mayi awerenga ndipo akuti muwapatse moni. Zotsitsa ndasiya, mahandulo ndasiya, koma ekizozi yokhayo ndisakunamizeni ikundiyitanabe. Wakujoni ndikupeza ku inbox undionere mtengo kumeneko. Matayala akafika ndani ali ndi mtima tikatsike Golomoti, tikadye chambo ku Monkey Bay nkubwerera Lamulungu?

Wakujoni:
Pa Golomoti zopondera zako zikakhula pansi pa makona aja usadzati sitinanene. Tsika ndi giya 2, buleki yakumbuyo ndi ya dilamu imatentha msanga. Ndili kumudzi Disembala, mundidikire.